Magetsi Ochokera ku Zinyalala za Pamsika: Tifunse Chiyani Tisanavomere?

Nkhani yathu ya lero ikukhudza zinthu ziwiri zimene tonsefe timadandaula nazo muno mu Mzuzu, ngakhale kuti timazidandaula padera. Choyamba ndi milu ya zinyalala imene timailambalala titagwira mphuno m'misika mwathu. Chachiwiri ndi kuthimathima kwa magetsi. Masiku ano pali anthu amene akunena kuti mavuto awiriwa angathe kuthetsana. Akuti makoko a nthochi, kabichi woola, tomato wophwanyika ndi mkute wa nsima zingathe kutulutsa gasi, gasiyo n'kuyendetsa injini, injiniyo n'kupanga magetsi olowa m'mawaya a ESCOM.

Zimenezi si nthano ayi. Ku Kenya ndi ku South Africa zinachitika, ndipo tizikamba kutsogoloku. Muno mu Mzuzu malo otere sanamangidwe, ndipo n'chifukwa chake takumana lero. Nthawi yabwino yofunsa mafunso ndi pamene njerwa yoyamba isanaikidwe. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Kodi gasi ameneyu amachokera kuti?

Tiyeni tiyambe ndi ng'ombe. Ng'ombe ikadya udzu, m'mimba mwake muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timagaya udzuwo mopanda mpweya wa kunja kuno, ndipo pogayapo timatulutsa mpweya wina umene umayaka. Malo opangira gasi ali ngati mimba ya ng'ombe yomangidwa ndi simenti kapena chitsulo. Ndi thanki yotsekedwa bwino. Poyamba amathiramo ndowe kuti tizilombo tija tikhazikike, kenaka tsiku ndi tsiku amaidyetsa zotsalira za zakudya zophwanyaphwanya zosakaniza ndi madzi. Zimakhalamo pafupifupi mwezi. Pamwamba pamasonkhana gasi, ndipo pansi pamatuluka phala lamadzimadzi limene ndi manyowa abwino a m'dimba.

Gasiyu sakhala woyera. Gawo loposa theka ndi mpweya woyaka uja wotchedwa methane. Otsalawo ndi mpweya wosayaka, chinyezi, ndi kampweya konunkha ngati dzira lovunda kamene kamadya zitsulo. Wophikira sadandaula nako kwambiri, koma injini ikapatsidwa gasi wosasefa imaonongeka msanga.

Popeza tati ndi mimba, tidziwenso kuti imadwala. Mukaidyetsa mopitirira muyeso imasasa, gasi n'kusiya kutuluka. Mukaithira majumbo, mabotolo, mabatire kapena mankhwala, imatsekeka kapena tizilombo tija timafa. Ndipo imakonda kutentha kofanana ndi kwa thupi la munthu, madigiri 35 mpaka 37. Apa ife a ku Mzuzu tiyenera kutchera khutu, pakuti tonse tikuidziwa mphepo ya mu Juni ndi Julayi. Thanki imene ingachite bwino ku Nsanje ingathe kuchita ulesi kuno, pokhapokha itafunditsidwa kapena kutenthetsedwa ndi kutentha kochokera ku injini yomweyo. Munthu akadzatibweretsera masamu a gasi, tidzamufunse kuti anawerengera nyengo ya kuti.

Luso limeneli si lachilendo kwathu kuno. Yunivesite ya Mzuzu, imene inatsegula zitseko mu 1999 pamalo pamene ena a ife tinkapadziwa ngati sukulu ya aphunzitsi ku Luwinga, imaphunzitsa za mphamvu zoterezi, ndipo inathandizapo alimi a ng'ombe za mkaka ku Choma kumanga mathanki a gasi wa ndowe. Pa msika wa Tsangano ku Ntcheu, kampani ya Green Impact Technologies pamodzi ndi yunivesite ya MUST, mothandizidwa ndi UNDP, anamanga thanki yodyetsedwa ndi masamba otsalira pamsika, kuti gasi wake aziphikira. Koma tionetsetse: konseko gasi anapita ku mbaula, osati ku mawaya a dziko lonse. Kuchoka pa mbaula kufika pa waya pali mtunda wautali.

Tiwerengere limodzi

Tsopano tipemphe kuti mutilole tibwerere m'kalasi pang'ono. Musaope, masamu ake ndi a Sitandade 6.

Tani imodzi ndi matumba 20 a makilogalamu 50. Tani imodzi ya zotsalira za zakudya, ikakhala yosankhidwa bwino, imatulutsa gasi wokwana pafupifupi makiyubiki mita 100. Kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, ndiye kuti migolo isanu ya malita 200. Masamba okhaokha amatulutsa wocheperapo chifukwa ndi madzi okhaokha, pamene nsima, mpunga ndi zamafuta zimatulutsa wochulukirapo. Kiyubiki mita imodzi ikalowa mu injini imatipatsa mayunitsi pafupifupi awiri, mayunitsi omwe aja timagula a pa mita ya kunyumba.

Tiyerekeze tsono kuti tagwirizana, ndipo tsiku lililonse tikusonkhanitsa matani 10, matumba 200 odzaza, kuchokera ku msika waukulu, ku Zigwagwa, m'malesitilanti ndi m'masukulu ogonera komweko. Chiwerengero chimenechi ndi chongoyerekeza, palibe amene wayeza pano. Matani 10 atipatsa makiyubiki mita 1,000, ndiye kuti mayunitsi 2,000 pa tsiku. Tikagawa ndi maola 24 tipeza injini ya makilowati pafupifupi 80. Ngati nyumba imodzi itha mayunitsi asanu pa tsiku, ndiye kuti nyumba 400 zaunikiridwa.

Nyumba 400 si zochepa kwa amene akukhalamo. Koma kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000 mu mzinda uno. Majenereta a dizilo amene anaikidwa ku Luwinga kuti azithandiza magetsi akachepa ndi a mamegawati 6, kutanthauza makilowati 6,000. Injini yathu ya makoko a nthochi ingalowe mmenemo koposa ka 70. Choncho wina akadzaima pa nsanja n'kunena kuti zinyalala zithetsa kuthima kwa magetsi mu Mzuzu, ife tidzatulutse pensulo.

Anzathu amene anakwanitsa anali ndi chakudya chochuluka cha thanki, ndiponso chochokera malo amodzi. Ku Naivasha m'dziko la Kenya, malo otchedwa Gorge Farm anayamba kugulitsa magetsi ku mawaya a dzikolo mu 2016. Mphamvu yake ndi pafupifupi mamegawati 2, ndipo anawamangira matani 50,000 pa chaka a zotsalira za masamba ndi maluwa a m'minda ikuluikulu, kutanthauza matani oposa 130 pa tsiku. Ku Bronkhorstspruit ku South Africa, kampani ya Bio2Watt inayamba mu 2015 kupanga mamegawati oposa 4 kuchokera ku ndowe za pa khola lalikulu la ng'ombe zonenepetsa pamodzi ndi zotsalira za zakudya. Magetsi ake anayamba kudutsa m'mawaya a Eskom kupita ku fakitale ya magalimoto a BMW ku Rosslyn. Wogula anali wodziwika kale, ndiponso wandalama. Ngakhale zinali choncho, panadutsa zaka pafupifupi 8 kuchokera pa ganizo kufika pa tsiku loyatsa.

Kulowa m'bwalo la anzako

Anthu ambiri timaganiza kuti kulumikiza ndi kungotenga waya wa jenereta n'kukoleka pa pholo. Amene angayese zimenezo adzapha munthu, ndiponso ndi mlandu.

Magetsi a m'mawaya amayenda ndi kamvekedwe kake ngati ng'oma. M'dziko muno amagunda ka 50 pa sekondi iliyonse, ndipo makina onse, kuyambira a ku Nkula pa mtsinje wa Shire mpaka a ku Wovwe ku Karonga, amaponda limodzi. Inu a ku Nkhata Bay mukudziwa kuti munthu wofika mochedwa pa bwalo la malipenga samangolumphira mu mzere. Amayamba wamvetsera ng'oma, n'kuponda pamene anzake akuponda, kenaka n'kulowa. Jenereta nayo iyenera kufanana ndi mawaya pa liwiro, pa mphamvu ndi pa nthawi yoponda isanalumikizidwe, ndipo pali makina apadera ochita zimenezi. Ikalowa mosemphana imathyoka yokha kapena kuotcha zipangizo za anthu.

Pafunikanso thiransifoma. Injini yotere imatulutsa mavoti 400, pamene mawaya oyenda m'makwalala mwathu amanyamula mavoti 11,000 kapena 33,000. Pafunika waya wochokera pa malowo kukafika pa mzere wapafupi, ndipo ngati malowo ali kutali kumtaya, kilomita iliyonse ndi ndalama. Pafunika mita yowerenga mayunitsi amene alowa. Akatswiri ayeneranso kuyeza kaye ngati mzere wa kumeneko ungathe kulandira mphamvuyo. Mtengo wa zonsezi susiyana kwambiri kaya injini ndi yaikulu kapena yaing'ono, ndipo apa ndi pamene malo ang'onoang'ono amagwera.

Tsono pali mfundo imodzi imene tikupempha kuti aliyense apite nayo kunyumba. Magetsi a ESCOM akathima, injini yolumikizidwa ija iyenera kudzidula yokha nthawi yomweyo. Chifukwa chake n'chomveka. Wantchito wakwera pholo ku Chibavi podziwa kuti mzere wazimitsidwa. Ngati injini yathu ikupitiriza kukankhira mphamvu mu waya womwewo, bambo ameneyo sabwerera kwa ana ake. Choncho mungathe kukhala moyandikana ndi malo opangira magetsi, fungo lake mukulimva, malole ake akukudutsani pakhomo, koma magetsi akathima inunso muli mu mdima ngati wina aliyense. Zingasinthe pokhapokha ngati pulani inakonzedwa kuchokera pachiyambi kuti malowo azitha kudzipatula n'kudyetsa dera lina lake paokha, monga chipatala kapena msika, ndipo zimenezi zimafuna zipangizo zina ndi chilolezo. Ngati sizinalembedwe pa pepala, kulibe.

Komabe tisapeputse phindu lopanga magetsi kuno kumpoto. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi, ku Nkula kumene kunayamba mu 1966, ku Tedzani ndi ku Kapichira, mtunda wa makilomita oposa 500 kuchokera pano. Madzi atachepa m'nyanja mu 2016 ndi 2017 tinagona mu mdima. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo anabwereranso mu 2023. Magetsi a dzuwa, monga mamegawati 60 a ku Salima amene anayamba mu 2021, amathandiza masana okha ngati palibe mabatire. Gasi ali ndi ubwino wakuti amasungika, mungathe kumuyatsa madzulo pamene nyumba zonse zikuphika. Ubwino umenewo ndi weniweni, kungoti kukula kwake kumalingana ndi kukula kwa mulu wa zinyalala.

Mapepala

Kale ESCOM inkachita zonse yokha. Lamulo la magetsi litasinthidwa mu 2016, ntchito yopanga magetsi inapita ku EGENCO kuyambira mu Januwale 2017, ESCOM n'kutsala ndi mawaya ndi kugulitsa, ndipo khomo linatseguka kuti makampani ena azipanga magetsi n'kugulitsa. Wofuna kutero ayenera kupeza chiphaso ku MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu. Ayenera kusainirana ndi wogula pangano la zaka zambiri lonena mtengo wa yunitsi iliyonse, ndi pangano lina la kulumikiza. Ayeneranso kuunikitsa mmene ntchitoyo ikhudzire chilengedwe ndi anthu, monga likunenera lamulo la zachilengedwe la 2017, ndipo pa kuunikako anthu okhudzidwa amayenera kufunsidwa maganizo. Umenewo ndi mpando wathu, tisausiye wopanda munthu.

Mtengo wa yunitsi ukutikhudza tonse, chifukwa zimene wogula walipira kampani zimabwerera kwa ife amene timagula mayunitsi. Ndipo pali pangano lachinayi limene silitchulidwa kawirikawiri, la pakati pa kampani ndi khonsolo ya mzinda: adzatuta zinyalala ndani, ndi lole ya yani, mafuta alipira ndani, ndipo lole ikafa sabata yathunthu thanki idya chiyani?

Zinyalalazi zili ndi eni ake

Tonse tikukumbukira mtaya wa ku Mchengautuba ndi mmene anthu okhala pafupi anavutikira nawo. Tikukumbukiranso kuti malo atsopano anamangidwa ku Msilo ndi thandizo la European Union, n'kutsegulidwa mu 2017 ndi chiyembekezo chakuti zinyalala zizisankhidwa ndi kusamalidwa mwamakono. Sipanapite nthawi yaitali, anthu a kumeneko anayamba kudandaula za ntchentche ndi fungo, mkangano unakula, ndipo zinthu zina pamalopo zinaonongedwa. Sitinabwere kudzaweruza mlandu umenewo, ndipo kuononga katundu wa tonse sitikuvomereza. Koma phunziro lake ndi lathu. Kumanga ndi kosavuta, wothandiza amabwera, riboni imadulidwa. Chovuta ndi Lolemba lililonse la zaka 20 zotsatira. Ndiponso anthu amene sanafunsidwe poyamba amadzayankhula pambuyo pake, nthawi zina ndi miyala.

Malo opangira gasi osamalidwa bwino sanunkha ngati mtaya, popeza zoola zimatsekeredwa mu thanki. Koma zimayamba zafika pa lole, n'kutsitsidwa, n'kusankhidwa, ndipo phala lotuluka lija liyenera kupita kwina. Matani 10 olowa ndi madzi ake amatulutsa phala lochuluka tsiku lililonse. Likapita m'madimba ndi chuma, makamaka ndi mmene feteleza wakwerera. Likatayikira m'mitsinje yothira mu Lunyangwa ndi tsoka. Walira mvula walira matope.

Tisaiwalenso kuti zimene ife timati zinyalala, kwa ena ndi chakudya cha lero. Pali amayi amene amatola masamba otsala pamsika kukapatsa nkhumba ndi akalulu. Pali magulu opanga manyowa. Pali anyamata a mawilibala amene amalipidwa potuta zinyalala m'makomo. Tsiku limene zotsalirazi zidzakhale ndi mtengo, padzapezeka munthu wonena kuti zonse ndi zake. Kodi anthu amenewa adzalembedwa ntchito yosankha ndi kututa, kapena adzathamangitsidwa? Funso limeneli sangatifunsire katswiri wochokera kunja.

Ndipo gawo lina ndi la ifeyo. Palibe makina otsika mtengo amene angasankhe bwino zimene ife tasakaniza. Ngati mu bini imodzi tiponyamo makoko, majumbo, matewera a ana ndi magalasi osweka, thanki ija idzafa mwezi woyamba. Kusankha kumayambira pa benchi la wogulitsa tomato ndi pa khitchini ya kunyumba: zoola kwake, zosaola kwake. Pa ichi sitingaloze chala boma.

Maganizo athu

Mwina mukufunsa kuti nanga ife tikuona bwanji. Tinena mosabisa, ndipo muli ndi ufulu wotsutsa. Injini imasandutsa magetsi gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a mphamvu ya gasi, magawo awiri amathawa ngati kutentha. Tsono kutenga gasi, kumusandutsa magetsi, kuwatumiza pa waya, kuti mayi akaphikire nyemba pa mbaula ya magetsi, kuli ngati kupita ku Ekwendeni kudzera ku Nkhata Bay. Makiyubiki mita 1,000 aja angathe kuphikira mabanja pafupifupi 500 pa tsiku, poti banja limodzi limatha awiri kapena kucheperapo. Mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo tonse timaona njinga za makala zikutsika m'mamawa kuchokera ku nkhalango zotizungulira, kuphatikizapo Kaning'ina amene amasunga madzi timamwawa.

Vuto la gasi ndi lakuti sayenda mtunda wautali popanda mapaipi, pamene magetsi amafika kulikonse kumene kuli waya. N'chifukwa chake ife tikuona kuti poyambira pabwino ndi pamsika pomwepo, pamene zinyalala zili pomwepo ndipo ophika ali pomwepo: amayi a m'malesitilanti, anyamata a chiwaya, ophika tiyi. Thanki yaing'ono ikayenda zaka ziwiri kapena zitatu osafa, ikapirira Juni ndi Julayi, tidzakhala titadziwa kuchuluka kwa zinyalala zathu ndi kukhulupirika kwa malole athu. Pamenepo nkhani ya injini ndi mawaya idzakambidwa ndi manambala enieni. Koma wina akabwera ndi pulani yaikulu yophatikiza ndowe, zotsalira za kophera nyama ndi za m'mafakitale, tisamukane asanayankhule. Timumvetsere, pensulo ili m'manja.

Njira zofunsira zilipo. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, koma tsopano wadi iliyonse ili naye wake, ndipo ndi udindo wake kutengera mafunso athu ku khonsolo ndi kutibweretsera mayankho. Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko lino limatipatsa ufulu wodziwa zimene maofesi a boma akusunga, ndipo lamulo lothandiza kuti ufuluwu ugwire ntchito linayamba pa 30 Seputembala 2020. Tingathe kulemba kalata yopempha kuona pangano, lipoti la zachilengedwe, kapena ndalama zimene zimapita ku ntchito yotuta zinyalala poyerekeza ndi ziphaso zimene amalonda amadula tsiku ndi tsiku pamsika. Kalatayo ikhale yaulemu, ya deti, yosainidwa ndi gulu, ndipo tisunge kope lake.

Tisanabalalike tigawane ntchito. Gulu lililonse lisankhe anthu anayi, amayi awiri ndi abambo awiri. Mukapemphe chilolezo kwa komiti ya msika wa kwanu, kaya ndi ku Chibavi, ku Luwinga kapena ku Zigwagwa. Kwa masiku asanu ndi awiri, madzulo alionse, mukaike zoola zokhazokha za mzere umodzi wa mabenchi m'matumba, mukayeze pa sikelo ya ogulitsa chimanga, n'kulemba m'kope. Mukalembenso amene amabwera kudzatola, chimene amatola, ndi kumene amapita nacho. Muvale magolovesi ndipo musambe m'manja ndi sopo. Pa msonkhano wotsatira mubwere ndi makopewo, tidzachulukitse ndi chiwerengero cha mizere, tione ngati matumba 200 aja alipodi.